Mota (njinga yamoto) ikamangozima mutathira petulo wa mpikisano, musathamangire kuphwasula kabuleta

Okutobala wapitayu mwana wa alongo anga anandiimbira ali pakati pa Mussacama ndi Moatize, dzuwa lili paliwombo, akuti malume mota yazimanso, aka ndi kachitatu, ndikaisiya pang'ono ikulira bwinobwino koma ndikangoyenda makilomita 4 kapena 5 ikuyamba kutsamwa kenaka zii. Ndinamufunsa kuti mu thankimo wathira chani, anayamba kaye wakhala chete. Kenaka ndi pamene anaulula kuti mnzake woyendetsa thiraki anamubweretsera chigubu cha petulo wa mpikisano kuchokera ku Johannesburg, uja amati amabwera ndi okosijeni wakewake, akuti mota iziuluka. Kuno ku Ulongwe anayenda naye masiku awiri osavuta, mpaka kumawaseka anzake pa siteji, nde tsoka linamupeza atatsika phiri.

Ndilemba zimene ndinamuuza tsiku limenelo ndi zina zomwe ndaona mu ofisina yanga yokonzera injini, chifukwa vutoli si la anyamata a mpikisano okha ayi. Amene mumathira petulo wa ku Malawi mukawoloka pa Calomue kapena pa Zobwe likukukhudzani, sinanga anzathuwa amasakaniza ethanol mu petulo wawo kuyambira 1982, amapanga ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol ndi mowa womwe uja uli mu kachasu, kungoti uyu ndi wosasungunula, ndipo pafupifupi 35 peresenti ya kulemera kwake ndi okosijeni. Petulo wa mpikisano wina amaikamo ethanol, wina methanol, wina mankhwala otchedwa MTBE, koma nkhani yake ndi imodzi.

Choyamba mumvetse kuti kabuleta ilibe maso. Imangoyeza mpweya umene ukudutsa pakhosi pake nkukoka petulo kudzera pa kabowo ka jeti, basi, sidziwa kuti lero mwathira chani. Petulo wamba amapsa bwino pa magalamu 14.7 a mpweya pa galamu 1 ya petulo. Wokhala ndi ethanol 10 peresenti amafuna 14.1, wa 20 peresenti cha mma 13.5, ethanol yekhayekha 9, methanol 6.4. Tanthauzo lake nlakuti pa mpweya womwewo injini ikufuna petulo wochuluka kuposa kale, pomwe kabowo kaja nkomweko. Galimoto za injection zimadzikonza zokha chifukwa zili ndi sensa ku ekizozi, koma Lifan yanu, Boxer, pampu ya kudimba, jenereta, Nissan 1400 ya amalume anu, zonsezi zimangokhala ndi njala mwakachetechete. A VP Racing, kampani yopanga petulo wa mpikisano, eni ake amanena kuti Q16 wawo amafuna petulo woonjezera ndi 4 mpaka 6 peresenti, ndipo mphamvu yoonjezera imene anthu amaifunayo imachokera pomwepo, pa kuotcha petulo wambiri. Mukathira osakulitsa jeti mwangogula kutentha.

Za octane ndinene pang'ono ndidutse. Injini za ma 125 ndi 150 zathuzi compression yake ili cha mma 9 kwa 1, sizifuna octane wa 110, nambala yaikuluyo imangoletsa injini yofinya kwambiri kugogoda, siionjezera liwiro payokha. Komanso wina mwa petulo wa mpikisanoyu ali ndi mtovu, Q16 ndi mmodzi mwa iwo, ndiye musamuthire mu galimoto yokhala ndi sensa ya okosijeni ndi catalytic converter, muononga zonse ziwiri.

Tsopano yazima panjira, mutani. Musaikankhe kupita nayo kwa mekaniki kaye, chifukwa ikazizira umboni wonse umathawa, mekaniki akaigunda ikulira ndipo akuuzani kuti ilibe vuto. Pompo pamene yazimapo tsekani kampopi ka petulo, ikani kachitini pansi pa kabuleta, masulani kasikuluwu kotayira kali pansi pa kambale kosungira petulo ka kabuletayo. Mukufuna kuona zinthu ziwiri, kuchuluka kwa zomwe zatuluka ndi maonekedwe ake. Ngati angodontha madontho ochepa ndiye kuti kambale kanauma, petulo sakufika, majeti asiyeni alibe mlandu. Ngati watuluka wambiri ndithu koma pansi pa chitini pali timibulu tonga madzi tikugudubuzika, kapena petuloyo ndi wotuwa ngati madzi otsukira mpunga, muli ndi madzi mu thanki. Ngati watuluka wambiri woyera bwino, pamenepo ndi pamene muyang'ane moto: chotsani pulagi, imene kuno ambiri timati vela, igundikeni pa injini mugunde kiki muone ngati ikuthetheka. Chitani izi idakali yotentha, chifukwa koyilo kapena CDI (kabokosi koyendetsa moto wa pulagi) yotopa imachita chimodzimodzi, ikatentha imasiya, ikazizira imabwerera, ndipo ndaonapo anthu akusintha majeti sabata yonse pomwe wolakwa ndi koyilo. Ma valve othina nawonso amazimitsa injini ikatentha, makamaka pa idling.

Mnyamata uja atamasula anati malume angotuluka madontho atatu. Ndinamuuza atsegule chivindikiro cha thanki khutu lili pafupi. Chikapuma kuti psii ngati botolo la Fanta ndiye kuti kabowo kopumira katsekeka ndi fumbi, petulo akamatsika mu thankimo simulowa mpweya ndiye amaleka kutsika, ndipo mungatsimikize poyenda chivindikiro chili chomasula pang'ono, ikasiya kuzima mwampeza wakuba. Kwa iye sichinapume. Ndiye ndinati azule paipi pa kabuleta, ailozetse mu botolo la madzi la theka la lita louma, atsegule kampopi awerenge mpaka 60. Mota ya 150 ili pa moto wonse imamwa pafupifupi malita 4 pa ola, amene ndi mamililita 65 kapena 70 pa mphindi, ndiye ine ndimafuna ndione osachepera 200 pa mphindi kuti mtima ukhale mmalo. Yake sinaphimbe ndi pansi pa botolo pomwe.

Chinachitika nchakuti mowa uli mu petuloyo ndi wotsuka. Thanki imene yakhala zaka 5 ikumwa petulo wa mmabotolo a mmbali mwa msewu imakhala ndi utoto wofiirira wokakamira mkati, dzimbiri ndi fumbi, zonse zinagona mwamtendere. Mukathira wa okosijeni wambiri amazisungunula nkuzikokolola kupita nazo pa kasefa ka mkati mwa kampopi. Pa liwiro laling'ono la mtauni zodutsazo zimakwanira, nchifukwa chake ku Ulongwe sanaone kanthu, koma pa msewu wautali kambale kamatha msanga kuposa mmene kakudzadzira, injini nkuzima, mukaima mphindi 5 kadzadza, mwayendanso, kathanso. Mankhwala ake ndi kumasula kampopi, kutsuka kasefako, kutsukuluza thanki ndi petulo pang'ono nkutaya, kenaka kuika fyuluta yatsopano yoonekera mkati kuti muziona ikada. Ndipo yembekezerani kuisinthanso pakatha mathanki awiri, litsiro silituluka tsiku limodzi. Paipi nayo ionetsetseni, zakale zakuda zija zimafewa mkati nkumasuwa tinyenyeswa takuda tomwe timakatsekereza singano ya fuloti, ija imatseka petulo kambale kakadzadza, pamene zoyera zotchipa za pamsika zimauma gwa ngati bango nkuyamba kudontha polumikizira. Mukaifinya ndi zala nkusiya zakuda mmanja, itayeni.

Kutentha ndi nkhani ina, ndipo amene mumakhala ku Tete ndi ku Moatize mukuidziwa kuposa ife a kumapiri. Mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40, pansi pa boneti kapena pambali pa silinda nkoposa pamenepo. Ethanol amawira pa madigiri 78, zina za mu petulo zimayamba kuwira zisanafike ndi 40 pomwe, ndipo ukasakaniza ziwirizi chosakanizacho chimasanduka nthunzi msanga kuposa petulo payekha. Paipi ikadutsa pafupi ndi mutu wa injini kapena ekizozi, mkatimo mumadzadza thovu, petulo osadutsa. Chizindikiro chake, mmawa ndi usiku ilibe vuto, imazima masana makamaka mukaima pa mzere kapena mukangotsika liwiro mutathamanga nthawi yaitali, nkudzalira pakatha mphindi 15 kapena 20. Kuyesa kwake nkosavuta, nyowetsani kansanza mukulunge paipi ndi fyuluta, pa galimoto kulungani pampu ya petulo yomwe, ikalira msanga ndiye ndi zimenezo. Kukonza kwenikweni ndi kusuntha paipi italikirane ndi zotentha, isakhale ndi pokwera nkutsikanso pomwe thovu lingakhale, ndipo fyuluta isatsamire zipsepse za silinda monga mmene anyamata ambiri amaikira.

Pa galimoto zakale za kabuleta, ma Hilux a injini ya 4Y ndi ma Nissan aja, pali china choonjezera. Mukazimitsa itatentha petulo amawira mu kambale nkusefukira mu manifold, ndiye mukabwera kuchokera mu sitolo ikungozungulira osalira, fungo la petulo lili thoo. Apa musapope akisileta, mukuonjezera vuto, ipondeni mpaka pansi muigwire pomwepo nkuliza, ilira ndi utsi wakuda pang'ono kenaka iyera. Kachidutswa kotchinga kutentha kamene kamakhala pakati pa kabuleta ndi manifold ngati wina anakachotsa kabwezereni. Nunkhizaninso dipstick, oyilo akamanunkha petulo kapena akamakwera yekha ndiye kuti chikopa cha mu pampu chabooka, petulo akutsikira mu sampu, imeneyo ndi njira yachidule yophera ma bearing. Amene mumaika pampu yamagetsi iikeni kumbuyo pafupi ndi thanki, cha mmunsi, chifukwa imakankha bwino kuposa kukoka, ndipo samalani mphamvu yake, kabuleta ya Weber imafuna cha mma 3 psi pamene ya Holley imalola 6 kapena 7, mukapitirira singano imagonja kabuleta nkumasefukira, galimoto nkumazima pa buleki kapena pokhota. Kuzima pa buleki ndi pokhotaku nthawi zambiri ndi mulingo wa fuloti, ndipo petulo aliyense ali ndi kulemera kwake, wopepuka fuloti imamira kwambiri mulingo nkukwera, ndiye mukasintha mtundu wa petulo muyezenso.

Madzi. Ethanol amakonda madzi ngati mchere, amawakoka mu mpweya momwe. Wa 10 peresenti amatha kusunga madzi okwana pafupifupi theka la peresenti imodzi, kupitirira apo mowa ndi madzi zimagwirana nkutsika pansi pa thanki, pomwe kampopi kamakokera, makamaka mukaika pa reserve. Kwathu ku Angonia ndi ku Tsangano komwe nkhungu imagona mpaka 9 koloko, thanki yokhala theka imachita thukuta mkati usiku, ndipo mapampu othirira mbatatesi amene amagona kudimba ndi omwe ndimawalandira kwambiri ndi vuto limeneli. Zikalekana sizibwererana ngakhale mukhutchumule bwanji, khuthulani zonse. Kambale mukakapeza ndi ufa woyera ngati phulusa kapena jeti yobiriwira, ndi ntchito ya madzi amenewo.

Mukafuna kudziwa ngati petulo amene mwagula ali ndi mowa, tengani botolo loonda loonekera ndi sirinji yaikulu. Ikani mamililita 10 a madzi, lembani mzere, onjezerani 100 a petulo, tsekani, khutchumulani, siyani mphindi 10. Madzi amakoka mowawo nkutsika nawo, ndiye za pansizo zikafika cha mma 19 kapena 20 muli ndi pafupifupi 10 peresenti, zikakhala pa mzere pomwe mulibe. MTBE yekha saoneka bwino ndi njira imeneyi, wa mpikisanoyo werengani pa chigubu kapena pa pepala la kampani.

Zonsezi zikakhala bwino, petulo akufika wokwanira, woyera, moto ulipo, apa tsopano ndi pamene mugwire majeti. Injini ya njala imadziwika: imafuna choko nthawi yaitali, mukasiya moto imachedwa kutsika ngati yapachikika, ekizozi imaphulika phu phu phu potsetsereka, mukakoka moto mwadzidzidzi imati boo ngati ikufa, ndipo vela imatuluka yoyera mbee. Kuyesa kwachangu, ili yotentha kokani choko pang'ono mukuyenda, ikachita bwinoko ndi njala, ikaipiraipira ndiye kuti yakhuta kale, vuto lili kwina. Musanakulitse chilichonse onani mphira wa pakati pa kabuleta ndi injini, ukang'aluka umaba mpweya ndipo zizindikiro zake nzomwezi.

Kabuleta za Keihin ndi zofanizira zake, ma PZ26, PZ27 ndi PZ30 amene ali pa mota zambiri kuno, zimagawana ntchito motere: kuyambira idling mpaka kota ya moto ndi pilot jet ndi kasikuluwu kake, pakatipa mpaka makota atatu ndi singano yaitali ya pakati (osati ya fuloti ija), kumtunda konse ndi main jet. Kuzima pa idling ndi pa mphambano kumakhala kwa pilot, kabowo kake nkakang'ono ngati tsitsi ndiye ndi koyamba kutsekeka. Kasikuluwu kaja anthu amakasokoneza kwambiri. Kakakhala mbali ya injini ndi ka petulo, kumasula ndi kuonjezera petulo. Kakakhala mbali ya fyuluta ya mpweya ndi ka mpweya, kumanga ndiye kuonjezera petulo. Kamangeni pang'onopang'ono mpaka kagunde osakafinya, mukuwerenga, mulembe penapake kuti mudziwe pobwerera, kenaka injini ili yotentha muzisuntha kota kota mukumvetsera pomwe ikulira mokweza ndi mosalala. Ka petulo kakafuna kupitirira maulendo 3 ndiye kuti pilot yachepa, gulani yotsatira, monga kuchoka pa 35 kupita pa 38. Singano ili ndi timizere, kakilipi mukakatsitsa mzere umodzi singano imakwera nkupereka petulo wochuluka. Kamathawa kakilipi kameneka, kachotseni manja ali mu jumbo, ine ndinatayapo tiwiri mu mchenga.

Main jet musadumphe kwambiri. Pa manambala a Keihin nambala imatsatira kukula kwa bowo, ndipo petulo wodutsa amakwera mofulumira kuposa nambalayo, kuchoka pa 100 kupita pa 102 ndi pafupifupi 4 peresenti, pa 105 ndi 10 peresenti. Ndiye wa ethanol 10 peresenti sitepe imodzi imakwana, wa mpikisano wa okosijeni wambiri yambirani masitepe awiri muzitsika, kuyamba mokhuta kumangodetsa vela pamene kuyamba ndi njala kumaboola pisitoni. E85 (petulo wa ethanol 85 peresenti) ndi methanol ndi dziko lina, woyambayo amafuna 30 peresenti kapena kuposa, methanol kuwirikiza kawiri, pamenepo si jeti yokha, kampopi, paipi ndi singano ya fuloti zonse zimachepa. Manambala a majeti a kabuleta za Mikuni amawerengedwa mosiyana, musafanizire. Ndipo chonde za kukuza jeti ndi msomali kapena waya wa buleki zisiyeni, simudziwa mwafika pati ndipo kubweza kulibe, potsuka gwiritsani kachingwe kamodzi kofewa ka kopa ndi mpweya wa pampu. Sinthani chinthu chimodzi, yendani, onani, kenaka china. Poona vela ikani yatsopano, thamangani pa moto wonse pamalo owongoka opanda anthu ndi ng'ombe, gwirani kilatchi nkuzimitsa nthawi yomweyo osaisiya pa idling. Dziwani kuti petulo wa mowa amasiya vela yoyererapo ngakhale zili bwino, ndiye muzimvetseranso injini, kugogoda konga timiyala mu chitini kapena timadontho tonyezimira pa vela ndi chizindikiro choti muime pompo. A DT 125 ndi macheniso a two stroke samalani kawiri, kumeneko njala imagwiritsa pisitoni osachenjeza, ndipo methanol sasakanikirana ndi oyilo wamba wa 2T.

Chimene anthu a kuno timaiwala ndi phiri. Ulongwe ili pa mamita pafupifupi 1,300, mzinda wa Tete uli pansi pa 200. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, mota yochokera ku fakitale imakhala yokhuta pang'ono, ndiye mukathira wa okosijeni zimangokwanirana, mwini wake nkumati petuloyu ndi mankhwala. Mukatsikira ku Zambezi mpweya umalemera ndi 12 kapena 13 peresenti, kutentha kumabwezako pafupifupi theka, koma yotsalayo kuphatikiza ndi ya petulo ija ndi yokwanira kuisowetsa mtendere injini. Ngati ntchito yanu ndi yokwera nkutsika, tcherani kabuleta mongoganizira kumunsi, kumtunda izingodya petulo pang'ono basi.

Posunga, chigubu chachitsulo chotseka bwino, pamthunzi, osati pa simenti yonyowa, chifukwa zopepuka zimene zimathandiza kuliza mmawa ndi zomwe zimayamba kuthawa. Mota ikakhala yogona kupitirira sabata tsekani kampopi muisiye ilire mpaka izime yokha, kenaka mutaye zotsala mu kambale, wa mpikisanoyo musamugoneke mu kabuleta ngakhale masiku atatu, khuthulani muthire wamba muilize pang'ono. Kukoka ndi pakamwa kuja lekani, methanol amachititsa khungu, ndipo moto wake masana suoneka nkomwe, fodya ndi mbaula zikhale kutali.

Mwana wa alongo anga uja anatsukira kasefa pansi pa mlambe ndi mswachi wogula pa kantini, anafika ku Moatize madzulo ekizozi ikuphulikabe potsetsereka. Atabwerako tinasuntha fyuluta imene inatsamira silinda, kasikuluwu ka petulo tinamasula theka, main jet tinachoka pa 100 kupita pa 105, ndipo inasiya. Petulo atatha mu thanki anabwerera ku wamba wa pa bomba (pa filling station), vela inayamba kuda, tinabwezeranso 100 ija. Chigubu chidakali theka kuseri kwa chitseko cha ofisina yanga, akuti akusungira tsiku limene adzagule mota yaikulu.